A Masekondi ndi Chingwe cha M'fakitale ya Ndowa

Abambo Mfumu apempha kuti tsamba la mwezi uno likhale la a Pulofesa, amene parishi yonse inkawatchula kuti a Masekondi, ndipo tinawaperekeza kumanda masabata atatu apitawo. Mbiri za anthu oyera mtima zimakonda kununkhira maluwa ndi lubani. Iyi ikununkha girizi ndi magazi, ndipo mwini wake sakanalola kuti tiithire mafuta onunkhira.

Anabadwira kuseri kwa fakitale ya ndowa, m'nyumba za antchito zija zinali m'mizere isanu ndi umodzi, pamene lero pali malo otsukirapo magalimoto ndi timashopu ta mafoni. Munthu wobwera lero sangakhulupirire kuti pamalopo panali mitengo ya mthunzi ndi mpopi umodzi umene amayi ankakanganirapo m'mawa uliwonse. Mitengo anadula, mpopi anazula, mikangano yokha ndiyo inatsala.

Bambo awo ankagwira ntchito pa makina achitatu. Amenewa ndi makina oponda: munthu amalowetsa chimbale cha lata pansi pa chitsulo, chitsulocho n'kutsika ndi mphamvu ya lole yodzaza miyala, n'kutulutsa thako la ndowa. Kugunda kwake kunkamveka m'nyumba zonse za kuseriko, ndipo ana a kumeneko ankagona nako n'kudzuka nako, monga khanda limazolowerera mtima wa mayi ake.

Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tsiku lina masana anakapereka chakudya kwa bambo awo. Anaima pakhomo, kambale kali m'manja, ndipo anaona lamba wa makina akugwira mkono wa malaya a bambowo. Lambayo anakoka malaya, anakoka dzanja, anakoka mkono mpaka paphewa, osaima. Fupa linalira ngati nkhuni youma. Swichi yozimitsira makina inali mu ofesi ya kapitawo, ofesiyo inali yokhoma, kapitawoyo ali panja kusuta fodya. Amuna anayi anayamba kuswa chitseko ndi mapewa. Mwanayo, posowa chochita, anayamba kuwerenga mokweza monga ankachitira kusukulu. Atafika pa makumi asanu ndi awiri, makina anaima. Bambowo anamwalira pansi pomwepo, pakati pa ndowa zatsopano. Pofika 2 koloko anthu anali atathira utuchi pa magazi, ndipo kugunda kuja kunayambiranso.

Pobwera kumanda mwanayo anati, "Amayi, ndikadzakula kapitawo uja ndidzamupha."

Mayiwo ankachapa zovala za anthu ndipo manja awo anali ngati thabwa. Anamuwomba mbama imene inamugwetsera pa chitseko. Kenako anamudzutsa n'kumupukuta kukamwa.

"Ukamupha, swichi ija ituluka mu ofesi? Kasambe, tichedwa ku Misa."

A Pulofesa ankati maphunziro awo onse anathera pa mbama imeneyo, za m'mabuku zinali zongowonjezera.

Anali ndi mutu wa masamu. Masisitere anawapezera malo ku sekondale, boma linawatumiza kutsidya kwa nyanja, ndipo kumeneko anaphunzira kayendetsedwe ka ntchito: mmene katundu amayendera m'fakitale kuchoka pa makina ena kupita pa ena, chimene chimatalikitsa mizere ya anthu, ndi malo amene ntchito imatsamwa. Atalandira digiri yomaliza anakwera ndege yoyamba kubwerera kwawo. Anzawo ambiri anatsala komweko kudikira kuti dziko liyambe lakonzeka, ndipo ena a iwo akubwera tsopano ndi imvi ndi masutikesi awiriawiri, n'kumafunsa ana njira ya kumanda.

Anaphunzitsa pa sukulu ya zamalonda ya yunivesite zaka makumi atatu ndi zinayi. M'thumba la kumanja munkakhala kolona, m'khosi munkalendewera wotchi yowerengera masekondi, ya batani limodzi pamwamba. Dzina lija linachokera pamenepo. Kuno kutchalitchi anali wolandira anthu pakhomo, ndipo ndi iwo anakonza zoti polandira Ukaristia okalamba ndi amayi a makanda aziyamba, mabenchi azinyamuka limodzilimodzi, wobwerera asagundane ndi wopita. Mayi a kunyumba kwawo, amene anali namwino, ankakonda kunena pagulu kuti, "Awa ngakhale pondifunsira anadina batani. Akuti ndinachedwa kuyankha ndi masekondi khumi ndi awiri." Iwo ankangoti, "Khumi ndi anayi, mayi."

Ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, eni atsopano a fakitale ya ndowa anawaitana kuti akaone chimene chinkachedwetsa ntchito. Anapita ndi mtima woyera, akuganiza kuti Mulungu wawatsegulira khomo loti akakonze malo amene anadya bambo awo. Anatha masabata atatu ataima kumbuyo kwa antchito, kudina ndi kulemba. Nthawi imeneyo makina achitatu anali ndi kachitseko ka waya. Wantchito ankakakweza, kulowetsa lata, kukatsitsa, ndipo pokhapo chitsulo chinkatha kuponda. Kukweza ndi kutsitsako kunkatenga masekondi anayi pa ndowa iliyonse.

M'malipoti a ntchito imeneyi mumakhala magawo awiri. Loyamba ndi la nthawi imene katundu akupangidwa. Lachiwiri ndi la nthawi imene palibe chikupangidwa, imene mabuku amaitcha yotayika. Kachitseko sikapanga ndowa. Choncho a Pulofesa, motsata mabuku bwino lomwe, anaika masekondi anayi aja m'gawo lachiwiri, pa tsamba loyamba. Pa tsamba la 58 analemba momveka kuti kachitsekoko kasachotsedwe mpaka fakitale itagula mabatani awiri oti munthu azidina ndi manja onse, kuti dzanja lisapezeke pansi pa chitsulo. Bwana wamkulu anawerenga tsamba loyamba, n'kuitana makaniko ndi sipanala.

Panapita masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Amene ankagwira pa makina achitatu anali bambo wa ana atatu, woimba gitala m'kwaya yathu, moti dzina lake lenileni linaiwalika, aliyense ankangoti Gitala. Lata lina linakhala mopendekeka. Iye analowetsa dzanja lamanja kuti aliwongole, monga ankachitira zaka zonse kachitseko kakumuteteza, ndipo chitsulo chinatsika. Chitakwera, chimene chinatsala pa latapo sichinalinso dzanja.

Antchito anazinga ofesi. Bwana wamkulu, amene sanali chitsiru, anawatulutsira tsamba loyamba lija pawindo.

"Musalimbane ndi ine. Werengani dzina lili pansipo. Ndi mnzanu wa kutchalitchi."

A Pulofesa anamva nkhaniyi ali m'kalasi, cha m'ma 11 koloko. Anaika choko pansi n'kuyenda wapansi mpaka kufakitale. Mlonda wa pageti anati, "Bwana, bwererani, akufuna inuyo." Iwo anati akudziwa, ndipo analowa.

Woyamba anawamenya pamphumi ndi chigwiriro cha ndowa. Wachiwiri anabwera ndi chitsulo. Atagwa anawaponda ndi nsapato za ntchito zija, m'nthiti, m'mimba, kukamwa. Wina anagwira chingwe cha wotchi m'khosi n'kuwakhwekhwereza pa simenti mpaka pa makina achitatu, kuti aone ntchito ya manja awo. Anaiona ndi diso limodzi, pakuti lamanzere linali litaphulika kale. Sanatchinge kumutu. Nkhope zonse ankazidziwa, anali anthu omwe aja ankawakodola Lamulungu lililonse kuti benchi lanu tsopano. Kenako apolisi anafika ndi utsi wokhetsa misozi, ndipo m'chipwirikiti chimenecho mfuti inalira. Chipolopolo chinapha mayi wina wosesa amene anabisala kuseri kwa mulu wa ndowa, tsache lili m'manja.

Kuchipatala wapolisi anabwera ndi kabuku.

"Tipatseni mayina, a Pulofesa. Tikawanyamule lero lomwe."

"Lembani langa," anatero kudzera m'mano otsala. "Ndinayamba ndine."

"Akumenyani kwambiri m'mutu, eti bambo?"

"Ayi. M'mutu ndiye mwayera tsopano."

Dzina la munthu sanatchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ena mwa amene anawaponda akuwerenga tsamba lino, ndipo adziwe kuti mayina awo apita nawo kumanda.

Anawagoneka chipinda chimodzi ndi Gitala, mabedi moyang'anana, pakuti chipatala sichisankha. Tsiku lachinayi Gitala anakweza chitsa cha mkono wake, chili m'mabandeji.

"Aphunzitsi, masekondi anayi aja mwawasunga kuti? Ndibwerekeniko, mwina ndingaimbire gitala."

"Ndalakwa, achimwene."

"Mchimwene wanu ndani? Mayi anga sanabereke wotchi."

Anatola kapu yachitsulo ndi dzanja lamanzere n'kuwagenda. Kapuyo inakagunda khoma, kutali ndithu.

"Mwaona? Ngakhale kukugendani sindingathenso."

Atatuluka m'chipatala anapita kukalapa. Zimene zinayankhulidwa kumeneko anazifotokoza okha patapita zaka. Wansembe wa nthawi imeneyo, munthu wachifundo, anayesa kuwapeputsira mlandu: tsamba la 58 linalipo, wochotsa kachitseko anali wina. Iwo anayankha kuti, "Abambo, ine ndimaphunzitsa chaka chilichonse kuti mabwana sawerenga kupitirira tsamba loyamba. Ndinkadziwa. Ndinangofuna kuti lipoti langa lioneke la munthu wophunzira."

Kachitseko kanabwezedwa mwezi womwewo, mwakachetechete. Koma a Pulofesa anali ataona kuti chimene sipanala yamanga, sipanala yomweyo imamasula. Chimene ankafuna tsopano chinali chingwe chodutsa pamwamba pa mitu ya antchito onse, kuyambira pa makina oyamba mpaka omaliza, choti aliyense, ngakhale wosesa, akaona choipa akoke, makina onse aime, belu lilire, popanda kukapempha kiyi kwa kapitawo. Moyo wawo wonse wotsala unapita pa chingwe chimenecho.

Analemba makalata zaka khumi ndi chimodzi. Lachisanu lililonse masana ankaima pageti la fakitale, chithunzi cha chingwecho chili m'dzanja ili, kolona m'dzanja linalo. Alonda anawathira madzi a girizi. Anawakwapula ndi zikoti. Tsiku lina anawamasulira galu amene anawang'amba katumba wa mwendo, ndipo mayi a kunyumba anawasoka okha patebulo la kukhitchini, akulira ndi kukalipa nthawi imodzi: "Mulungu anakupatsani thupi limodzi, bambo, lina silibwera pa lole." Lachisanu lotsatira anakaimanso, atatsamira ndodo. Kuyunivesite anawadumpha pa udindo katatu, popeza nyumba yatsopano ya magalasi ya pa sukulupo inali mphatso ya eni fakitale. Lero m'nyumba imeneyo achinyamata amaphunziramo kumanga tayi ndi kutchula mawu ataliatali, ndipo fungo la girizi sanalimvepo.

Tsiku loyamba la chaka chilichonse a Pulofesa ankalemba pa bolodi magawo awiri aja, n'kufunsa kalasi kuti masekondi anayi a kachitseko apite kuti. Ophunzira anzeru ndiwo ankayamba kukweza manja: m'gawo lachiwiri. Apo chitseko chinkatseguka n'kulowa Gitala. Ulendo woyamba anabwera wosaitanidwa, kudzawatukwana pamaso pa ophunzira awo. Iwo anamusiyira kalasi mphindi makumi anayi, kenako anamupempha kuti adzabwerenso chaka chamawa. Anabwera zaka makumi awiri ndi zitatu. Ankapinda mkono wa malaya, kuika chitsa chija pa desiki ya amene wayankha moyamba, n'kunena kuti, "Gwira, mwanawe, sichiluma. Gawo lachiwiri ndi limeneli." Potuluka awiriwo ankapita kukamwa tiyi, akunyozana njira yonse. Mawu oti ndakukhululukirani Gitala sanawanene, ndipo a Pulofesa sanawapemphe. Ankati chikhululuko si katundu woti ungamuikire tsiku lofika.

Chingwe chinamangidwa pomaliza, osati chifukwa cha makalata aja, koma chifukwa ogula ndowa akunja anachifuna. Sabata yachiwiri bambo wina wa pa makina odulira anamva fungo la waya wopsa n'kukoka. Belu linalira, makina anaima, ndipo kapitawo anabwera ndi sipanala n'kumuthyola chibwano pamaso pa onse. Tsiku lomwelo anamuchotsa ntchito. A Pulofesa anamutengera kuchipatala n'kumamumwetsa mkaka ndi kapaipi masabata asanu ndi imodzi. Chiyambire pamenepo chingwe chinangolendewera. Chinachita fumbi, akangaude anamangapo. Zala zinapitiriza kuduka, chimodzi chaka chino, ziwiri chaka chamawa, anthu akuyang'ana chingwe n'kuyang'ana kapitawo.

"Chingwe chosakokedwa ndi mkanda wa m'khosi mwa fakitale," ankatero a Pulofesa. Atapuma pa ntchito anakana kuchoka m'kanyumba kawo ka pafupi ndi mpanda wa fakitale, ngakhale ana awo anawamangira ina kwabata. Ankati akudikira belu. Ku Misa ya m'mawa, pa mapemphero a onse, pempho lawo linali limodzi zaka makumi awiri, mpaka a m'kwaya ankalinong'oneza iwo asanatsegule pakamwa: kuti wina alimbe mtima. Mmodzi mwa ophunzira awo akale, mayi amene anagwirapo chitsa cha Gitala ali mtsikana, anadzakhala woyang'anira ntchito m'fakitalemo. Anachotsa kapitawo uja, nauza antchito kuti wokoka chingwe sadzakhudzidwa. Antchito anawomba m'manja, koma palibe anakoka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chibwano chija ankachikumbuka.

Nthiti zothyoka zija zinawalondola mpaka ku ukalamba. Chaka chino mapapo anayamba kukana, ndipo Lolemba lawo lomaliza m'mawa Abambo Mfumu anawadzoza mafuta. Masana Gitala anali pampando pafupi ndi bedi, mayi a kunyumba ali kumiyendo ndi kolona, windo lili lotsegula, kugunda kwa makina achitatu kukulowa monga mwa masiku onse.

"Mukufa mochedwa, aphunzitsi," anatero Gitala. "Munthu wa masekondi ngati inu. Nthawi imeneyi tiike m'gawo liti?"

A Pulofesa anafuna kuseka, chifuwa chinakana. Nthawi inali itangopitirira 3 koloko pamene belu linalira.

Chala chawo chachikulu, chimene kwa masiku awiri sichinathe kugwira supuni, chinadina batani la wotchi pachifuwa. Kugunda kuja kunachita kamodzi n'kuleka. Chala chinadinanso. M'chipindamo munagwa bata limene anthu a kuseri kwa fakitale sanalimvepo masana a Lolemba.

"Achimwene, pitani mukaone," anatero a Pulofesa.

Gitala, nkhalamba ya mawondo otupa, anapita chothamanga. Mayi anapitiriza kolona, koma diso la a Pulofesa linali pa chitseko. Ankadziwa kuti belu limalira munthu asanavulale, limaliranso munthu atavulala kale. Patapita mphindi khumi Gitala analowa ali wefuwefu.

"Ndi mtsikana wa pa makina achitatu. Wayamba ntchito mwezi watha. Akuti anamva kaphokoso kachilendo."

"Wavulala?"

"Zala khumi. Ndawerenga ndekha, kawiri."

"Amumenya?"

"Amupatsa mpando. Wakhala. Amakaniko atsegula, apeza bawuti yogwira chitsulo yathyoka pakati. Ndowa zina zisanu, chikanamugwera pamanja."

A Pulofesa anatembenuza wotchi kuti mnzawoyo aone. Inaima pa masekondi atatu.

"Bambo anga anadikira makumi asanu ndi awiri," anatero.

Gitala anaiyang'ana wotchiyo nthawi yaitali. Kenako anapinda mkono wa malaya, monga ankachitira m'kalasi, n'kuika chitsa chija m'dzanja la a Pulofesa, ndipo iwo anachigwira.

"Gonani tsopano, achimwene. Mwavutitsa anthu mokwanira."

A Pulofesa anatsinzina, mayi akumaliza kolona. Pamene makina ankayambiranso, cha m'ma 4 koloko, iwo anali atapita, nkhope ili phee ngati ya munthu amene wamaliza kuwerenga.

Pa maliro tchalitchi chinadzaza. Yunivesite inatumiza nkhata yaikulu ngati tayala la thirakitala, ndi munthu wa tayi amene anatchula dzina lawo molakwika. Antchito a fakitale anabwera m'maovolosi, achikulire ena akuyang'ana pansi. Polandira Ukaristia mabenchi onse ananyamuka nthawi imodzi, anthu n'kumakankhana ngati pokwera basi, okalamba atatsalira kumbuyo. Mwini dongosolo anali asanalowe n'komwe m'manda, ife tinali titaiwala kale. Ndiye Gitala anaima pakati pa tchalitchi, wotchi ija ili m'khosi, nakweza mkono wopanda dzanja, n'kuyamba kuloza mabenchi limodzilimodzi. Anthu anabwerera m'malo.

Chiwaikireni, belu la kufakitale lalira kawiri. Ambuye, amene saika mphindi ya munthu aliyense m'gawo lachiwiri, awalandire ndi kuwapumitsa.